Wotchi Yopanda Cheti

Ine munthu akandipatsa kanthu, ngakhale chipewa chakutha, ndimayamba ndacheuka kuti ndione ngati pali wina amene akuona. Anthu kuno amati ndi misala ya matchona. Asiyeni anene. Khalidweli ndinalitenga ku Nairobi, ndipo anandiphunzitsa ndi alamu anga a Layisoni, ngakhale kuti sukulu yake analipira ndi iwo, ine ndinangophunzira ulere.

Ku Kenya ndinapita ndi mzungu amene ndinkamuphikira ku Limbe. Atamusamutsira ku Nairobi anati tiye, ine osaganiza kawiri. Tinakhala ku Muthaiga, kumene mipanda ndi yaitali kuposa nyumba za kwathu ndipo agalu amadya bwino kuposa alonda. Patapita zaka zingapo iye anabwerera kwawo, nandisiyira jekete ndi kalata yonditama kuti ndine wokhulupirika. Chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali chomangirira pa iyeyo, ndiye atakwera ndege chinafera pomwepo. Kubwerera kumudzi chimanjamanja ndinachita nako manyazi. Ndinagula kipande, chiphaso chimene mbadwa ya ku Kenya imayenda nacho, cha munthu wina wa kugombe amene anali atamwalira. Chithunzi anandisinthira mmisiri wina m'tauni, koma chidindo cha chala chinali cha malemuyo. Kuyambira pamenepo pantchito ndinali Juma. Dzina langa lenileni ndinkalimva Lamulungu lokha, kutchalitchi kumene Amalawi tinkakumana.

Ntchito ndinaipeza ku kampani ina ya sitima yapanyanja yonyamula azungu ongoyenda kukaona dziko. Ofesi yake inali mu Nairobi momwemo. Nyengo yake ikakwana tinkatsikira ku Mombasa, kukwera sitimayo, n'kumazungulira nawo alendowo m'zilumba kwa masabata angapo, tikuwayalira mabedi, kuwaperekera zakudya ndi kuwapukutira masanzi nyanja ikakwiya. Pomaliza tinkakwera nawo sitima yapamtunda kubwera ku Nairobi kuti aone nyama, agone ku hotela, kenako akwere ndege. Malipiro a kampani anali ongoti usafe. Chimene chinkamanga nyumba kumudzi ndi bakishishi, kangachepe kamene mlendo amakusiyira posiyana, ndipo tsiku lomaliza ku hotelako tinkalitchula kuti tsiku la maenvulopu.

Tsiku limenelo ukanationa ukanati ndife angelo. Aliyense mano pamtunda, nsapato zikuwala, ngakhale amene anali ndi malungo ankachira. Alendo nawo tinkawadziwa. Wolongolola uja, amene ulendo wonse amakufunsa za ana ako, envulopu yake inkakhala yopyapyala, pamene mayi wolusa amene anakubwezera tiyi katatu ndiye ankasiya yonenepa. Ena ankadzuka m'mamawa n'kuzemba ngati adya za eni.

Mkulu wathu anali Mzee Bakari, bambo wa ku Mombasa wa ndevu zoyera amene anakalambira m'sitima. Anali ndi malamulo awiri okha. Loyamba linali lakuti envulopu iliyonse ilowe yosatsegula m'chitini cha mabisiketi, kuti pogawana adyeko ndi otsuka mbale ndi ochapa, amene mlendo sawaona nkhope. Lachiwiri linali lakuti mlendo akakupatsa chinthu chimene si ndalama, kaya ndi nsapato kaya ndi wailesi, umupemphe akulembere cheti, kakalata konena kuti wakupatsa yekha, asainire. Ankalibwereza lamuloli nyengo iliyonse tisanakwere, chala chili m'mwamba: "Bila cheti, ni wizi." Popanda cheti ndi kuba basi. Sankafotokoza zambiri, koma tinkamva kuti analipo anthu amene anaona ndende chifukwa cha malaya opatsidwa.

Njira ya ku Joni itatsekeka, mlongo wanga Esinala anandilembera kuti amuna ake angokhala, ana akudwaladwala, kodi kumeneko kulibe kantchito? Ndinawachonderera a ku ofesi mpaka anawalemba a Layisoni, ndipo iwo anabwera ndi pasipoti yawo, mapepala onse oongoka. M'thumba la jekete lawo munali kalata ya Esinala ya mizere itatu. Mzere womaliza unali wakuti, mwawatenga ndinu achimwene, mudzawabweze ndinu.

Tinkachita lendi kachipinda ka malata ku Rongai, kufupi ndi kumene amaphwanya miyala. Fumbi la malole linkalowa mpaka mumphika, ndipo mphepo yake inkaliza denga tsiku lonse. Alamu anga anali munthu woongoka mpaka kutopetsa. Mpango wa m'thumba ankausita, ndipo asanamwe ngakhale madzi ankatsinzina kaye. Kwawo anali mkulu wa mpingo ndi wotsogolera kwaya. Ulendo wawo woyamba panyanja anasanza masiku anayi, akuimba nyimbo za maliro chapansipansi, ine ndikuwaseka kuti alamu, nyanja ya mchere siimva Chichewa. Koma ntchito anaigwira. Polandira envulopu ankagwada bondo limodzi n'kutambasula manja onse awiri monga tinaleredwera, anzathu a ku Kenya n'kumafa ndi phwete. Anasiya kuseka ataona kuti azungu akukomedwa nazo ndipo chitini chikulemera.

Nyengo yawo yachitatu m'sitima munakwera mzungu wina wokalamba kwambiri, khungu lachikasu, manja onjenjemera. Ali mnyamata anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo, ndipo dziko lathu ankalitchulabe dzina lakale, ndiye ife tinangomupatsa lomwelo, a Nyasalande. Atamva a Layisoni akung'ung'udza nyimbo poyala bedi, anadzuka n'kufunsa m'Chinyanja chakalekale kuti kwanu n'kuti, mnyamata? Kuyambira tsiku limenelo sanafunenso munthu wina. Alamu ankawameta ndevu, kuwasambitsa, kuwaveka masokosi. Zakudya za m'sitima zitayamba kuwakana, alamu anakapempha ufa kukhitchini n'kumawaphikira phala, mkuluyo akumwa misozi ili m'maso.

Ine zimenezi sizinandisangalatse, ndipo ndinanena. Ndinali nditakhala ndi azungu nthawi yaitali, ndinkadziwa kuti chikondi chawo chimakhala ndi abale ake amene sunawaone. Alamu anati ndili ndi mtima wa Juma.

Tsiku la maenvulopu linafika. A Nyasalande sankakwera ndege ndi anzawo, chifukwa mwana wawo ankagwira ntchito ku bungwe lina lalikulu mu Nairobi ndipo ankabwera kudzawatenga kuti akakhale naye ku Muthaiga. Chakumasana ndinalowa m'chipinda chawo ku hotela kudzanyamula masutikesi. Ndinapeza mkuluyo atakhala pabedi, alamu akumumanga zingwe za nsapato. Envulopu inali kale patebulo. Kenako anayamba kulimbana ndi lamba wa wotchi yake, zala zikukana, mpaka inamasuka. Inali yagolide, yolemera, kumbuyo kwake kuli zilembo.

"Envulopu ndi ya onse, ndikudziwa," anatero. "Iyi ndi yako, mwana wanga. Inali ya atate anga."

Alamu anagwada mawondo onse awiri n'kulandira ndi manja awiri, mutu uli pansi. Ine ndinali chiimire pakhomo, sutikesi kudzanja lililonse. Ndinanong'ona kuti, "Alamu, cheti." Anandiponyera diso limene sindinaliiwale, ngati ndatukwana pamaliro.

Titatuluka mukhonde ndinabwerezanso, ndipo anaima.

"Munthu wanditchula mwana wake m'chilankhulo cha amayi anga," anatero, "ndiye ine ndimuuze kuti lembani pepala, mwina mudzandinamizira? Kwanu mumatero, alamu?"

"Kuno si kwathu."

"Ulemu ulibe kwawo."

Ndikanatha kubwerera ndekha m'chipindamo, pepala ndi cholembera zinali patebulo pomwepo. Koma pansi galimoto inali italiza kale hutala, masutikesi ankandilemera, ndipo ndinaganiza kuti mawa lilipo. Mwana wawo uja anali bambo wamtali wa magalasi. Sanatipatse moni. Anawakweza bambo ake, natseka chitseko, galimoto n'kunyamuka, dzanja lopanda wotchi likutibayibitsa pawindo.

Pogawana za m'chitini Mzee Bakari anaiona wotchiyo pamkono pa alamu. Anafunsa cheti, alamu nayankha kuti palibe. Mzee Bakari anati mawa lomwe apite ku Muthaiga akaitenge. Alamu anavomera kupita, koma anandiuza panjira kuti akupita kukazonda wodwala, za pepala ayi. Pageti tinakumana ndi mlonda ndi galu. Anatiuza kuti mkuluyo amutengera kuchipatala usiku womwe anafika. Tinabwereranso patapita masiku atatu, ndipo mlonda yemweyo anangotambasula manja n'kuloza kumwamba.

Tinabwerera ku Rongai pa matatu, minibasi za kumeneko. Titafika alamu anaikoleka wotchiyo pamsomali pamwamba pa bedi lawo, napemphera. M'kachipinda kamene kaja, mphepo ikangoti zii, inkamveka yokhayo, ndipo ine inkandilowa m'mutu. Ndinawauza kuti tikaiponye m'dzenje la miyala lodzaza madzi, kapena m'chimbudzi. Anati mphatso ya malemu sataya, ndipo wobisa ndiye wakuba. Lamulungu anaivala kutchalitchi, mkono wa shati ataupinda kuti ioneke. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la alamu anga linali lachikopa.

Apolisi anabwera Lachiwiri, dzuwa litakwera. Ine ndinkachokera kumpopi, debe la madzi lili paphewa, ndipo nditakhota pakagolosale ndinaona galimoto ya apolisi itaima pakhomo pathu. Mwana wa malemu anali atakadandaula kuti wotchi yabedwa, ndipo ku ofesi kwathu anali atawauza amene ankasamalira malemu ndi kumene amakhala. Ndinaima kuseri kwa kagolosaleko. Madzi ankandidonthera kumsana koma sindinatule. Anawatulutsa alamu ali ndi unyolo, atavala shati yawo yosita bwino, wapolisi mmodzi atanyamula wotchi m'kampango. Asanakwere anayang'ana uku ndi uku, ndipo anandiona. Sanaitane.

Madzulo ake ndinapita ku Runda kwa bambo wina wa kwathu amene tinkapemphera naye, munthu wophunzira, wa ntchito yapamwamba. Anandilandira bwino, nandipatsa tiyi, namvetsera zonse.

"Nkhaniyi ndi yasimpo, achimwene," anatero. "Pakungofunika witinesi. Inuyo munalipo, pitani mukapereke sitetimenti."

Ndinamuuza za kipande changa. Anavula magalasi n'kuwapukuta. Anati kupolisi mboni imasonyeza chiphaso, ndipo akakayika amadinditsa chala. Chala changa chikakumana ndi cha malemu Juma, ndiye kuti m'ndende tilowa awiri, ntchito yatha, ndipo mwina mawu a munthu wa dzina lakuba sangapulumutsenso aliyense. Sanandiuze chochita. Anangondiperekeza mpaka pageti.

Ndinaganiza za ana anga amene anali pasukulu, za amayi, za Esinala yemweyo ndi ana ake, onse akudya m'chitini chimodzi. Zifukwa zinalipo, ndipo zinali zomveka. Koma ndisanamize anthu pano ndakalamba: chachikulu chinali mantha. Ndinkaopa zikoti za apolisi, ndinkaopa nsabwe za m'ndende. Tsiku lililonse ndinkati ndipita mawa, mpaka tsiku la mlandu linakwana.

Kukhoti ndinakhala benchi yakumbuyo kwenikweni. Mwana wa malemu anaima nanena kuti bambo ake masiku omaliza mutu sunkayenda bwino, ndipo wotchi ya agogo ake sakanaipereka kwa wantchito amene anamudziwa masabata atatu. Sankanama, ankakhulupirira zimene ankanenazo. Alamu anafotokoza zonse mwaulemu, za phala, za Thyolo, za mawu aja akuti mwana wanga, ndipo anthu ena anaseka. Woweruza anafunsa ngati pali pepala. Anati palibe. Anafunsanso ngati panali munthu wina aliyense m'chipindamo pamene ankapatsidwa.

Alamu anatembenuka. Maso awo anayenda benchi ndi benchi mpaka anandipeza. Ndinakanikiza manja pamawondo kuti ndiimirire, Mulungu ndi mboni, koma sindinaimirire. Anandiyang'ana kanthawi kochepa, kenako anatembenukiranso kwa woweruza.

"Tinali awiri okha, ine ndi malemu."

Anawapatsa zaka zitatu, ndipo akamaliza awathamangitsire kwawo.

Kundende sindinapiteko ngakhale kamodzi, chifukwa pageti amafunsa kipande. Nyengo yotsatira ndinakweranso sitima, mano pamtunda monga kale. Mzee Bakari pogawa za m'chitini ankapatula gawo la a Layisoni n'kundipatsa kuti nditumize kwa akazi awo, ndipo palibe anadandaula, ngakhale otsuka mbale. Sanandifunse kanthu mkulu uja. Koma ankadziwa amene ananyamula masutikesi tsiku lija, ndipo sanandiitanenso kuti tidyere mbale imodzi. Nyengo iliyonse akakweza chala chija kwa atsopano, ine ndinkayang'ana nsapato zanga.

Ndinakhalako zaka zina zambiri, ndikutumiza kwa Esinala mwezi ndi mwezi, ndikulemba makalata a nyengo ndi mitengo ya zinthu. Alamu atatulutsidwa ndinamva kuti afika kumudzi. Sanandilembere, inenso sindinawalembere. Kampani itasiya kubweretsa sitima yake, ndinang'amba kipande cha Juma, ndinakadzipereka ku ofesi ya dziko lathu kuti ndataya mapepala, ndipo ndinalongedza. Tsiku lomaliza ndinalowa m'sitolo m'tauni n'kugula wotchi yabwino, lisiti lake ndinalisunga.

Kumudzi ndinapeza amayi ali kumanda ndipo ana anga akundipatsa moni ngati mlendo wa boma. Tsiku lachiwiri ndinapita kwa Esinala. Anandichingamira panjira, tsitsi litayera, nandigwira dzanja osalisiya. Tisanafike pakhomo anandiuza motsitsa mawu kuti amuna ake anachititsa banja lonse manyazi. Ukulu wa mpingo anawachotsa, kwaya anawaletsa, ndipo mudzi wonse unkawatchula a Wotchi. Iwo ankangoti anapatsidwa, koma ndani angapatse munthu golide popanda mboni? Anati pakanapanda ine, ana ake akanafa ndi njala. Ndinazindikira pamenepo kuti zaka zonsezo alamu sanatchule dzina langa kwa munthu aliyense, ngakhale kwa mkazi wawo.

Alamu anali pakhonde, atatsamira khoma. Munthu wosita mpango uja anali atatha, mano akutsogolo kulibe, chifuwa chikulira ngati chitseko. Tinapatsana moni wonse mwadongosolo, za ulendo, za mvula. Anansi anasonkhana kudzaona mtchona. Esinala anandiikira madzi osamba m'manja, nagwada pambali. Ine poona anthu achuluka ndinati nditulutse mphatso, mwina zingandipepukire. Ndinatsegula kabokosi n'kukapereka kwa alamu.

Sanatambasule manja. Anaiyang'ana wotchiyo, kenako anauza Esinala kuti abweretse pensulo ndi pepala la m'kope la ana.

"Lembani cheti, alamu," anatero.

Anthu anaseka, poyesa nthabwala za a Wotchi. Ine ndinaika pepalalo pabondo. Ndinayamba kulemba kuti ndapereka wotchi iyi mwa kufuna kwanga, koma pensulo inaima. Ndinafufuta. Ndinalemba kuti tsiku lija ku hotela ku Nairobi ine ndinali chiimire pakhomo, ndinaona ndi maso anga mzungu akuvula wotchi yekha n'kuwapatsa a Layisoni, ndinamva akuwatchula mwana wake, ndipo kukhoti ndinalipo koma ndinakhala chete chifukwa cha mantha. Ndinasaina.

Alamu anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atafika pansi anafunsa osandiyang'ana kuti ndasaina dzina liti.

"Langa," ndinatero.

Anapereka pepalalo kwa Esinala n'kumuuza kuti awerenge mokweza, anthu amve. Esinala anawerenga, ndipo atafika pa za kukhoti analeka, nawerenganso mzerewo chamumtima. Kenako mlongo wanga anadzuka, natenga mbale ya madzi ija amene anandiikira, n'kukawakhuthula pabwalo. Atatero analowa m'nyumba.

Alamu anapinda pepalalo kanayi n'kuliika m'thumba la shati, nakanikiza ndi chikhato. Ine ndinali ndidakagwirabe kabokosi kaja m'mwamba ngati wopempha. Atatsokomola n'kupuma, anaiyang'ananso wotchiyo, ndipo anailandira ndi dzanja limodzi.